Kodi injini ya kompuresheni yokwera ingayende mtunda wofanana pa ethanol ndi pa petulo?

Woyendetsa wa ku Rosettenville analemba kuti:

Moni nonse abale anga a kuno ku Joni. Ndili ndi funso limene landisowetsa tulo kwa milungu ingapo, ndipo ndikupempha amene amadziwa za mainjini kuti andiunikire ndisanataye ndalama. Ndili ndi Toyota Hilux ya petulo, ya injini ya 2.7, imene ndimanyamulira katundu wa anthu kuchokera kuno ku Johannesburg kupita kumudzi, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowera pa Mwanza. Injiniyi yatopa, yayamba kudya oyilo, moti nthawi yoti itsegulidwe yakwana. Cholinga changa n'chakuti ikakonzedwa ndiyende nayo chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako ndikakhazikike nayo kwathu ku Dwangwa, kumene ndinakulira ndikuona utsi wa fakitale ya shuga ndi ya ethanol m'mawa uliwonse.

Mnyamata wina wa pagalaja anandiuza kuti popeza injini itsegulidwa kale, ndibwino kuikweza kompuresheni, kutanthauza muyeso wa mmene pisitoni imapanikizira mpweya ndi mafuta m'silinda, kuchoka pa 9.6 imene inalembedwa m'buku lake kufika pa 13, kuti izidzayendera ethanol yekha. Iye akuti ethanol sagogodetsa injini ngakhale apanikizidwe kwambiri, ndipo injini yotere imatulutsa mphamvu zambiri m'dontho lililonse, kotero kuti lita ya ethanol imayenda mtunda wofanana ndi lita ya petulo. Komatu ine ndimalemba m'kabuku malita onse amene ndathira, ndipo ndaona kuti ndikathira ku Zimbabwe kapena ku Malawi, kumene petulo amasakanizidwa ndi ethanol, thanki imatha msanga pang'ono kusiyana ndi pamene ndathira kuno. Kuno galimoto ikakhala yopanda ngolo imamwa malita 11 pa makilomita 100 alionse. Ndiye zoona n'ziti? Kodi kukweza kompuresheni kungabweze zonse zimene ethanol amaperewera, kapena ndikulonjezedwa chinthu chimene kulibe?

Makaniko wa ku Booysens anayankha kuti:

Achimwene, mnyamatayo wanena zoona mbali imodzi, koma mbali inayo waisiya. N'zoona kuti ethanol amapirira kupanikizidwa. Octane ndi nambala yosonyeza mmene mafuta amapiririra kupanikizidwa osaphulika okha, ndipo petulo amene timathira kuno ndi wa octane 93 kapena 95, pamene ethanol weniweni ali cha pa 108, ndipo n'chifukwa chake anyamata a mipikisano ya galimoto amamugula m'madiramu. Kugogoda kumene ife timati pinking kumachitika pamene mpweya wosakanizika ndi mafuta waphulika wokha m'mbali mwa silinda moto wa pulagi usanafikeko, ndipo ndatsegulapo mainjini amene pisitoni yake inadyeka m'mphepete ngati chikonyo chokukutidwa ndi mbewa chifukwa cha vuto limeneli. Pa ethanol, kompuresheni ya 13 si yoopsa.

Koma ntchito yake si yongosikima hedi basi. Mukapala hedi kwambiri, mavavu amayandikira pisitoni, tayimingi imasuntha, ndipo simufikabe pa 13. Pamafunika mapisitoni ena a mitu yotukuka. Chachiwiri, petulo amafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, pamene ethanol amafuna magawo 9 okha, zimene zikutanthauza kuti pa mpweya womwewo injini iyenera kulandira mafuta ochuluka ndi theka lina, n'kupitirirako. Mainjekita anu opopera mafuta m'injini, pampu ya m'thanki ndi kompyuta ya galimoto zinapangidwira petulo, choncho zonsezi ziyenera kusinthidwa kapena kukonzedwanso, pamodzi ndi mapaipi ndi malabala amene ethanol amawaumitsa. Chachitatu, muganizire m'mawa wa mu June kuno ku Johannesburg, pamene udzu umayera ndi chisanu. Ethanol yekha satulutsa nthunzi yokwanira kuyaka kukazizira kutsika pa madigiri 13, moti mudzapukusa injini mpaka batire kutha. Ine ntchitoyi ndingaigwire mutandipatsa, koma sindingakulonjezeni malita 11 aja.

Mayi wa ku Midrand anayankha kuti:

Bambo a ku Rosettenville, ndikugwirizana ndi bambo a ku Booysens, ndipo popeza ntchito yanga ndi ya zomangamanga za makina, ndiloleni ndiike masamu pa zimene anenazo, chifukwa nkhaniyi imaoneka bwino ikawerengedwa.

Chiyambi cha zonse ndi mphamvu imene ili m'lita imodzi. Lita ya petulo ili ndi mphamvu pafupifupi 32 MJ (megajoule, muyeso wa mphamvu), pamene lita ya ethanol ili ndi 21 MJ ndi kakang'ono pamwamba. Chifukwa chake n'chakuti ethanol ali kale ndi oxygen m'thupi mwake, wopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, ndipo gawo limenelo silipereka moto. Choncho lita ya ethanol imanyamula magawo awiri okha mwa magawo atatu a mphamvu ya petulo. Galimoto yanu itati iyendere ethanol popanda kusintha kalikonse pa luso la injini, malita 11 aja angasanduke pafupifupi 16 ndi theka. Zimene mwaona m'kabuku kanu n'zogwirizana ndi zimenezi: petulo wosakaniza ndi ethanol wokwana 10 peresenti amachepa mphamvu ndi 3 peresenti, ndipo wa 20 peresenti amachepa ndi pafupifupi 7 peresenti, moti 11 amakhala pafupi ndi 12.

Tsopano funso n'lakuti kompuresheni imabweza zochuluka bwanji. Injini imene yapanikiza mpweya kwambiri imaulolanso kufutukuka kwambiri ukayaka, ndiye kuti pisitoni imakankhidwa ndi moto womwewo kwa mtunda wotalikirapo, ndipo kutentha kochepa n'kumene kumathawira ku ekizozi. Pa masamu a m'buku, a injini yopanda chilema chilichonse, kompuresheni ya 9.6 imasandutsa ntchito magawo pafupifupi 59 ndi theka pa 100 a mphamvu ya mafuta, ndipo ya 13 imasandutsa magawo 64. Kusiyana kwake ndi 8 peresenti yokha ya zimene munali nazo poyamba. Injini zenizeni sizifika n'komwe pa manambala amenewa chifukwa cha kutentha kumene kumalowa m'madzi a radiyeta ndi kukhulana kwa zitsulo, koma kukula kwa phindu kumakhala kofananako, ndipo chofunika kuzindikira n'chakuti sitepe iliyonse yokwera imapereka zochepa kuposa yam'mbuyo mwake. Kuchoka pa 7 kufika pa 9 kunali kupambana kwakukulu m'mbiri ya galimoto. Kuchoka pa 12 kufika pa 14 n'kukunkha zotsalira m'munda wokolola kale.

Ethanol ali ndi mphatso zina zimene ndiyenera kuzitchula kuti ndisamuchepetse. Akamasanduka nthunzi amayamwa kutentha kopitirira kawiri kuposa petulo pa kilogalamu iliyonse, ngati mmene sipiriti amaziziritsira khungu asanakubayeni jakisoni. Mpweya wolowa m'silinda umazizira, umathithikana, ndipo moto wake sutentha makoma kwambiri. Komanso injini ya petulo ikamakoka katundu pamtunda, kompyuta imachedwetsa moto wa pulagi ndi kuwonjezera mafuta kuti iteteze zitsulo, ndipo pamenepo petulo amatayika. Pa ethanol kuchita zimenezi sikufunika kwenikweni. Mukaphatikiza zonsezi pa injini yokonzedwa mosamala, n'zomveka kuyembekeza phindu la pafupifupi 10 peresenti, mwina kupitirirako pang'ono pamene galimoto yalemedwa. Ndiye kuti malita 16 ndi theka aja atsika kufika pa 15. Kuti atsike mpaka pa 11, injini iyenera kuchita bwino ndi theka lonse kuposa poyamba, mwachitsanzo kuchoka pa magawo 30 pa 100 kufika pa 45, pomwe mainjini a petulo otsogola kwambiri a Toyota a masiku ano, a kompuresheni ya 13 ndi 14, amafika cha pa 40 kapena 41.

Sindikunena kuti palibe amene anayandikirapo. Bungwe loteteza zachilengedwe la EPA la ku America linatenga injini ya dizilo ya Volkswagen ya malita 1.9, n'kuiika mapulagi, n'kuisiyira kompuresheni ya 19.5 pamodzi ndi turbo, chipangizo chokankhira mpweya wochuluka m'injini, ndipo pa mafuta a mtundu wa mowa monga ethanol inachita bwino mofanana ndi dizilo. Kampani ya Scania inapanganso mabasi oyendera mafuta otchedwa ED95, amene ndi ethanol wokwana 95 peresenti ndi mankhwala othandiza kuyaka, pa kompuresheni ya 28, ndipo mabasiwa anayenda zaka zambiri mumzinda wa Stockholm. Koma ngakhale mabasi amenewa amamwa malita ochuluka kwambiri kuposa a dizilo, chifukwa lita ya dizilo ili ndi pafupifupi 36 MJ. Luso la injini likhoza kufanana, koma malita sangafanane.

Pali chinthu china chokhudza ifeyo a kuno chimene anthu amaiwala. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. N'chifukwa chake kuno kumagulitsidwa petulo wa 93 pamene ku Durban amathira 95: silinda siidzaza mokwanira, ndiye kupanikizika kwenikweni m'kati mwake kumakhala kochepa. Injini ya kompuresheni ya 13 mukhoza kuiyesa kuno pa msewu waukulu wa N1 ndi petulo wa 95 n'kuona ngati ikupirira. Koma njira yanu imatsikira ku Tete, m'chigwa cha Zambezi, kumene kuli pansi kwambiri ndiponso kumatentha kupitirira madigiri 40 mu October, ndipo Dwangwa ili m'mbali mwa nyanja, pa mamita osakwana 500. Kumeneko silinda imadzaza, mpweya ndi wotentha, ndipo injini yomweyo ikapatsidwa petulo wamba ili ndi ngolo kumbuyo idzagogoda. Mukaikweza kompuresheni, mwaimangirira ku ethanol, ndipo muyenera kutsimikiza kuti ethanolyo mudzam'peza pa malo alionse othirapo.

Mwana wa ku Nchalo anayankha kuti:

Ndathokoza mayi a ku Midrand chifukwa cha masamu omveka, koma ndikuopa kuti wowerenga angatuluke muno akuganiza kuti ethanol ndi mafuta olephera, pamene ine ndikuona kuti vuto lili pa muyeso umene tikugwiritsa ntchito. Munthu salipira malita, amalipira ndalama. Ngati galimoto ya achimwene imwa malita 15 a ethanol pamene ikanamwa 11 a petulo, funso loyenera n'lakuti lita ya ethanol ikugulidwa zingati. Ikakhala pansi pa magawo 73 pa 100 a mtengo wa petulo, achimwene apindula ngakhale akuthira kawirikawiri. Ku Brazil oyendetsa galimoto amadziwa lamulo limeneli pamtima: amayerekezera mitengo iwiri ya pa pampu, ndipo ethanol akakhala pansi pa 70 peresenti ya mtengo wa petulo, amathira ethanol.

Mbiri ya dziko limenelo ikuyankha funso la achimwene bwino kuposa galaja iliyonse. Boma la Brazil linayambitsa ndondomeko yotchedwa Proálcool mu 1975, mitengo ya mafuta itakwera padziko lonse, ndipo mu 1979 kunatuluka Fiat 147 yoyendera ethanol yekha. Galimoto zimenezo zinali ndi kompuresheni yokwera kuposa zinzake za petulo, ndendende ngati zimene mnyamata wa pagalaja akunena, ndipo zinali ndi kathanki kakang'ono ka petulo kolizira injini m'mawa kukazizira. M'zaka za m'ma 1980 galimoto zambiri zatsopano zogulitsidwa kumeneko zinali za ethanol. Kenako chakumapeto kwa zaka zimenezo shuga anakwera mtengo pa msika wa kunja, eni mafakitale anakonda kupanga shuga, ethanol anasowa pa mapampu, ndipo anthu a galimoto zosatha kumwa petulo anagona pa mizere. Chikhulupiriro chinatha, mpaka mu 2003 pamene Volkswagen inatulutsa Gol yotha kumwa mafuta onse awiri. Galimoto zoterezi zimataya pang'ono pa luso, chifukwa kompuresheni yake iyenera kulolera petulo, koma anthu anazikonda popeza zimawapatsa ufulu wosankha.

Kwathu tili ndi chiyambi chabwino chimene mayiko ambiri a mu Africa alibe. Fakitale ya ETHCO ku Dwangwa inayamba mu 1982, ndipo PressCane ya kwathu ku Chikwawa inabwera mu 2004, zonse zikugwiritsa ntchito molasesi wotsala popanga shuga. Boma linayesaponso galimoto zoyendera ethanol yekha mothandizana ndi Lilongwe Technical College. Ine ndinakulira pafupi ndi minda ya nzimbe, ndimakumbukira fungo la molasesi madzulo mphepo ikamachokera kufakitale, ndipo zimandiwawa kuona abale athu akugona pa mizere ya petulo amene dziko limagula ndi madola osowa, pomwe nzimbe zikumera pakhomo. Lita iliyonse ya ethanol imene yalowa m'thanki ndi ndalama yakunja imene yatsala m'dziko, ndipo phindu limeneli silioneka m'kabuku ka malita.

Komabe ndinene mosabisa kuti molasesi amadalira nyengo yodula nzimbe, ndipo amene alipo ndi amene amaika malire a ethanol amene angapangidwe. Pa mapampu onse amene ndathirapo kuyambira ku Nchalo mpaka ku Lilongwe, sindinaonepo paipi ya ethanol yekha; amene alipo amalowa m'petulo. Kunonso ku South Africa boma linalemba ndondomeko ya mafuta ochokera ku zomera mu 2007, ndipo linachotsamo chimanga poopa njala, koma pa mapampu a mu Gauteng simupeza ethanol woti muthire m'thanki. Choncho maganizo anga ndi akuti injini ya ethanol yekha ndi yabwino kwa kampani imene ili ndi thanki yakeyake pabwalo, monga ya mathirakitala a m'minda ya nzimbe kapena mabasi obwerera pamalo amodzi usiku uliwonse, osati kwa munthu wodutsa malire a mayiko anayi.

Woyendetsa wa ku Rosettenville analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndatenga kabuku kanga n'kuwerengera: ndi malita 70 ndimayenda makilomita opitirira 630, ndipo pa malita 15 pa 100 ndingayende makilomita osakwana 470, kutanthauza kuti pakati pa Harare ndi Tete ndingafunike zigubu za mafuta amene sagulitsidwa m'njira. Zimenezo sindingazithe. Koma ndikadali ndi funso limodzi kwa mayi a ku Midrand ndi bambo a ku Booysens. Popeza kumudzi petulo amakhala kale ndi ethanol, ndipo mwanena kuti ethanol amakweza octane, kodi sindingakweze kompuresheni pang'ono chabe, mwina kufika pa 10.5, kuti ndibwezeko 7 peresenti imene ndimataya ija?

Mayi wa ku Midrand anayankhanso kuti:

Bambo, funso limeneli ndi labwino kuposa loyamba lija, ndipo ndi limene akatswiri opanga mainjini akulimbana nalo masiku ano. N'zoona kuti magawo oyambirira a ethanol amene asakanizidwa m'petulo amakweza octane kwambiri kuposa magawo otsatira, moti petulo wa 20 kapena 30 peresenti akhoza kupirira kompuresheni yokwererapo pamene mphamvu yake yachepa pang'ono chabe. Pa msakanizo wotere, injini yopangidwira dala mafutawo, makamaka yaing'ono yokhala ndi turbo ndi mainjekita othira m'silinda mwenimweni, ingathe kubweza gawo lalikulu la zimene zatayika. Apa mpamene maloto a mnyamata wa pagalaja amayandikira zoona, osati pa ethanol yekha.

Koma pa galimoto yanu pali zopinga ziwiri. Choyamba, octane imene yalembedwa pa pampu ndi ya mafuta atasakanizidwa kale, ndipo simungadziwe ndi maso kuchuluka kwa ethanol amene ali m'menemo tsiku limenelo, chifukwa m'mayiko amene amasakaniza, muyeso umatsika nyengo imene ethanol wachepa. Injini iyenera kukonzedwa molingana ndi mafuta ofooka kwambiri amene idzakumane nawo, pa tsiku lotentha kwambiri, ili ndi katundu wolemera kwambiri. Chachiwiri, kuchoka pa 9.6 kufika pa 10.5 kumapereka phindu la pafupifupi 2 peresenti, lomwe ndi kotala ya lita pa makilomita 100. Injini yanu ili ndi kachipangizo komva kugogoda, ndipo kakangomva, kompyuta imachedwetsa moto. Zikatero phindu lija latha, mwinanso mwataya kuposa pamenepo. Kutsitsa liwiro kuchoka pa 120 kufika pa 100 muli ndi ngolo yodzaza kudzakupulumutsirani mafuta ochuluka kuposa mapisitoni atsopano alionse.

Makaniko wa ku Booysens anawonjezera kuti:

Achimwene, ine ndingaibwezere injiniyo pa muyeso wa kufakitale, hedi ipalidwe pokhapokha ngati yapindika, ndipo ipalidwe zochepa zimene zikufunika kuti gasiketi ikhale bwino. Ndalama imene mukanagulira mapisitoni apadera muiike pa zinthu zimene petulo wa kumudzi amazivutitsa. Tiike mapaipi a mafuta atsopano olembedwa kuti amapirira ethanol, titsuke mainjekita, tisinthe sensa ya oxygen ya ku ekizozi chifukwa ndi imene imauza kompyuta kuti iwonjezere mafuta msakanizo ukasintha, ndiponso titsitse thanki tiitsuke. Ethanol amasungunula litsiro lakale la m'thanki n'kulitumiza ku fyuluta, ndipo amakoka chinyezi; ndinatsitsapo thanki ya galimoto imene inaima miyezi inayi ku Salima nthawi ya dzinja, ndipo pansi pake panali madzi otuwa osakanizika ndi ethanol, petulo atayandama pamwamba. Muziyenda ndi fyuluta yapadera m'galimoto, ndipo mukadziwa kuti iima nthawi yaitali kumudzi, muziisiya thanki ili yodzaza kuti mpweya wonyowa usapeze malo. Mukabweretsa galimotoyo mubwere ndi kabuku kanu ka malita, kuti tikamaliza ntchito tidzayerekezere ulendo woyamba wa ku Mwanza ndi maulendo a m'mbuyomu.